Masika, Nsawa ndi Nsinjiro

Mvula ikatha m'mwezi wa Abril, kuno ku Chifunde timati masika afika. Udzu umayamba kufiira. M'mawa kumazizira, ndipo mame amanyowetsa miyendo ya opita kumunda. Pa nyengo imeneyi mwana salira njala. Ku Mualadzi, ku Nsadzu, ndi m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Luia, nyumba iliyonse ili ndi kanthu pamoto. Kuli maungu, kuli mbatata, kuli nzimbe, kuli nyemba zaziwisi. Cimanga cayamba kuuma, koma amene adabzala mocedwa akuochabe dowe. Mlendo akafika sitimufunsa ngati wadya. Timangompatsa mbale.

Anzathu, tiyeni tikambe za zakudya za nyengo imeneyi, zimene munthu akadya mtima umakhala pansi. Mwana wa kuno akapita kukagwira nchito ku Tete, ku Moatize kapena ku Beira, amadya buledi, mpunga ndi nsomba za karapau. Amakhuta ndithu. Koma mufunseni cimene akucilakalaka. Adzachula futali, mnkhwani wotendera ndi ciponde. Taonani bwino zakudya zitatuzi. Zonse zili ndi cinthu cimodzi m'kati mwake. Cinthuco ndi nsawa, zimene ena amati mtedza.

Tiyambe ndi nsinjiro. Tengani nsawa zouma bwino, zoswa kale. Zikhuthulireni pa licero ndipo musankhe. Zofota, zakuda ndi zobooka muzicotse. Mumtondo muzithira pang'onopang'ono, manja awiri kapena atatu basi. Musinje mopepuka. Mtsikana wongophunzira kumene amasinja ndi mphamvu zonse ngati akukonola cimanga, ndipo nsawa zimatuluka mafuta ndi kugwirana. Zikatero sizisefeka. Amayi ena amathira kaufa pang'ono mumtondo kuti zisagwirane. Sefani, ndipo zotsala pa sefa muzibwezere mumtondo. Nsinjiro sizikhalitsa. Zikagona masiku ambiri zimanunkha mafuta. Conco musinje za masiku awiri kapena atatu okha.

Mnkhwani wa m'masika ndi wotsiriza, wayamba kukhwima. Muthyole wa kunsonga wokha, m'mawa dzuwa lisanakwere. Mukapeza maluwa a maungu ndi timaungu tanthete, tengani, zimakometsa. Sadzulani bwino. Tsukani masamba musanadule, pakuti mukatsuka odula kale zabwino zake zimapita ndi madzi. Mumphika muthire madzi ocepa ndi mcere. Akawira ikani masamba, matimati pamwamba pake, ndipo vindikirani. Masamba akafota thirani nsinjiro, kapu imodzi pa masamba odzaza licero. Musatakase msanga. Vindikiraninso kuti nthunzi iphike nsinjirozo. Pakapita kanthawi, tengani mthiko mutakase mpaka zonse zigwirizane. Nsinjiro zosapsa zimamveka fungo la uwisi, ndipo zimavuta m'mimba.

Pa nkhani imeneyi amayi sagwirizana. Ena amati nsinjiro ziyambe zasungunulidwa m'madzi ozizira. Ena amati kutero ndi ulesi, ndiwo zimacita madzimadzi. Ife tadya za mbali zonse ziwiri, ndipo tikhala ndi othira zouma. Ndiwo zotendera ziyenera kukhala pa mbamu ya nsima, osayenderera m'cigongono.

Za cidulo ndi soda tinenepo pang'ono. Therere lifuna cidulo, palibe angatsutse. Koma mnkhwani wanthete umafewa wokha. Soda amapha mavitamini ena a m'masamba. Amene amathira soda m'ndiwo zonse amafulumira kuphula mphika, koma ana ake amadya masamba otha mphamvu.

Tsopano futali. Sendani mbatata, muidule zidutswa zazikulu ngati dzira la nkhuku. Madzi asaimize, afike pakati cabe. Thirani mcere pang'ono. Ikayamba kufewa thirani nsinjiro, kapu imodzi pa mbatata 5 kapena 6 zazikulu. Vindikirani, ndipo mucepetse nkhuni. Potsiriza takasani, ina iphwanyike, ina itsale yathunthu. Ena amathiramo shuga, koma mbatata ili ndi shuga wake kale. Dzungu, cinangwa ndi nthoci zaziwisi timaphika mofanana. M'mawa wa Junho, mphepo ikuboola mabulangete, mwana amene wadya futali wotentha amapita kusukulu akuimba, ndipo amafika masana osadandaula.

Masiku ano tili ndi mbatata ina, yofiira m'kati ngati papaya. Idayamba kufalitsidwa kwambiri m'dziko muno pambuyo pa madzi osefukira a caka ca 2000. Mayi wina wa ku Cabo Verde, dzina lake Maria Andrade, adagwira nchito zaka zambiri muno m'Moçambique kukonza mitundu ya mbatata imeneyi yopirira cilala. Mu 2016 iye ndi anzake atatu adalandira mphoto ya dziko lonse ya za cakudya. Mbatatayi ili ndi vitamini A, amene amathandiza maso ndi kulimbitsa thupi la mwana. Abambo ena amaikana, amati ndi yamadzi, ilibe ufa. N'zoona kuti ndi yofewa. Poiphika futali mucepetse madzi. Ndipo dziwani kuti vitamini A amalowa bwino m'thupi akayenda ndi mafuta. Mafutawo ali m'nsinjiro momwemo.

Ciponde sicivuta. Kazingani nsawa pa phale kapena pa ciwaya, moto usaculuke. Zikafiirira ziphuleni. Zikazizira zifikiseni m'manja, mupete makoko. Apa ndiye pofunika mphamvu za mtsikana uja. Sinjani ndi kamcere mpaka mafuta atuluke, musi uyambe kumata. Ciponde timadyera mbatata yophika kapena cinangwa. Supuni imodzi m'phala la mwana wosiya bere ndi cinthu cacikulu.

Agogo athu amaganiza kuti nsawa ndi za kuno cikhalire. Ayi. Nsawa, cimanga, cinangwa, mbatata ndi matimati zidacokera ku America. Zidabwera pa zombo za Azungu pambuyo pa caka ca 1500, ndipo zidayenda pang'onopang'ono kucoka kunyanja kufika m'midzi yathu. Mbewu zathu zakale ndi mapira, mawere, khobwe ndi nzama. Koma cimanga cidalanda ufumu. Lero munthu akadya cina ciliconse popanda nsima ya cimanga amati wagona ndi njala. Nanga kodi nsima yokha ikwanira? Nkhani iyi ikuyankha.

Ife tidabadwa nkhondo itatha kale. Mtendere udasainidwa pa 4 Outubro 1992. Koma inu makolo athu mukuikumbuka nkhondoyo. Midzi yambiri ya m'cigawo ca Tete idasanduka mabwinja. Ena adathawira ku Zambia, nakakhala ku Ukwimi. Ambiri adathawira ku Malawi. Kumeneko anthu ankalandira cimanga, nyemba, mafuta ndi nsawa. Tsono nsawa zidasowa, zidaleka kugawidwa kwa miyezi ingapo. M'caka ca 1990, m'misasa ya kumwera kwa Malawi mudabuka nthenda yochedwa pelagra. Khungu la pakhosi, la pamanja ndi la kumaso, ponse pamene pamaomba dzuwa, linkada ndi kukhakhala ngati lapsa ndi moto. Odwala ankatsekula m'mimba. Ena ankasokonezeka mutu. Kuyambira Fevereiro kufika Outubro caka cimeneco, anthu oposa 18,000 adapezeka ndi nthendayi. Ambiri mwa iwo adali amayi.

Anthu amenewa nsima ankadya. Cimene cidasowa m'matupi mwao ndi vitamini wina wochedwa niacina. M'cimanga vitamini ameneyu alimo, koma ndi womangika, thupi silitha kumutenga. M'nsawa ndi woculuka. Anthu a ku Mexico, kwao kwa cimanga, amayamba aciwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa asanacipere, ndipo vitamini uja amamasuka. Cimanga cidafika kuno, koma mwambo umenewo udatsala kwao. Agogo athu aakazi sadamvepo dzina la niacina. Iwo adangoona kuti nyumba yodya zotendera ana ake amasalala khungu.

Pamenepa tionjezepo za ufa. Ufa woyera timaukonda, ndipo mlendo sitimphikira mgaiwa, timacita manyazi. Koma pokonola ndi poviika timataya gaga pamodzi ndi kamtima ka cimanga, mmene muli mafuta. Nkhumba ndi nkhuku zimanenepa ndi zimene tataya. Nsima ya alendo ikhale yoyera ngati mufuna. Phala la ana likhale la mgaiwa, lothira nsinjiro.

Tsono taonani zimene timacita m'mwezi wa Maio ndi wa Junho. Ogula amabwera ndi masikelo ao. Amaima m'misika ndi m'mbali mwa mseu wocokera ku Tete kupita ku malire a Cassacatiza. M'nyumba mulibe sopo, mulibe mcere, mwana afuna makope, ngongole ya m'dzinja ikudikira. Ndalama za fodya ndi za thonje sizifika tsiku limene tazifuna. Cimanga timaciumira, pakuti timaopa njala. Nanga tigulitse ciani? Timagwira nsawa. Timagulitsa lata imodzi, mawa ina, mkuja ina, mpaka kutsala za mbewu zokha. Pa nthawi imeneyi aliyense akugulitsa, conco mtengo ndi wotsika. Pofika Dezembro ndi Janeiro nsawa zomwezo timazigula pa kambale, pa mtengo wowawa, kapena timangozisiya. Ndiwo zimakhala za madzi ndi mcere. Ndiyo miyezi imene ana amaonda, ndipo amayi oyamwitsa amalima tsiku lonse atadya nsima ndi therere lokha.

Sitikunena kuti musagulitse. Sopo samera m'munda. Koma tiyambe tawerenga. Lata ya malita 20 imalowa makapu ngati 80 a nsawa zoswa. Nyumba ikamasinja kapu imodzi pa tsiku, lata imodzi ikhala masiku 80. Kucokera Junho kufika Março ndi miyezi 10, masiku ngati 300. Pafunika malata 4 a nsawa zoswa. Kuti mudzaze lata imodzi ya zoswa mumaswa malata 3 kapena 4 a za makoko. Ndiye kuti malata 12 kufika 16 a nsawa za makoko ndi a mtondo wa pakhomo. Onjezani za mbewu. Zimenezi muziike padera tsiku lokolola lomwelo, bambo ndi mayi onse akuona. Zotsalazo ndizo za sikelo. Amene munda wake ndi waung'ono asataye mtima. Ngakhale theka la kapu pa tsiku ndi thandizo.

Pali cinthu cina coopsa cimene timacita osadziwa. Nsawa zabwino, zazikulu, timapereka kwa ogula. Zofota ndi zowola zimene wogula wakana timabwera nazo kunyumba, ndi kunena kuti izi ndi za nsinjiro. M'nsawa zotere mumakhala cuku, ndipo cuku ameneyu amatulutsa poizoni wochedwa aflatoxina. Poizoniyu amaononga ciwindi pang'onopang'ono, ndipo amapinimbiritsa ana. Kuphika sikumutha. Kukazinga sikumutha. Nsawa yowawa m'kamwa muilavule. Cuku amakonda cinyezi. Conco nsawa ziume bwino musanazisunge, mpaka ziziti wayawaya mukazigwedeza. Musaziyanike pa dothi lonyowa. Muzisunge ndi makoko ake, m'nkhokwe yomata kapena m'matumba okwezeka pa thandala. Ndipo tileke kuwaza madzi pa makoko kuti afewe poswa. Zala zimapuma, inde, koma madziwo amalowa m'kati ndi kuitana cuku.

Mwezi wa Junho uli ndi masiku awiri a madyerero. Pa 1 Junho ndi tsiku la ana. Pa 25 Junho timakumbukira ufulu wa dziko lathu, umene udabwera mu 1975. Masiku amenewa adagwa pabwino, nkhokwe zili zodzaza. Koma ambiri timaganiza kuti phwando ndi mpunga wa m'sitolo, mabisiketi ndi zakumwa za m'mabotolo. Mayi amagulitsa lata ya nsawa kuti mwana asacite manyazi pamaso pa anzake. Ife tikumvetsa, mwana ndi mwana. Mpunga wa tsiku limodzi si mlandu. Cimene cimatiwawa ndi kuona botolo limene latha pa kamphindi litadya nsinjiro za sabata yathunthu.

Phwando la pakhomo likhoza kukoma popanda kupita kusitolo kawirikawiri. Mbuzi ya ku Tete imachuka mpaka ku Maputo, ndipo ife tili nayo m'khola. Mabanja atatu kapena anayi akhoza kupha imodzi ndi kugawana. Nkhuku nayo imatenderedwa. Iphikeni ndi anyezi, matimati ndi mcere mpaka ifewe. Sungunulani makapu 2 a nsinjiro m'madzi, apa pokha tikuvomereza kusungunula, ndipo thirani mumphika. Ziwire pamoto wocepa nthawi yaitali, mukutakasa, mpaka mafuta ayandame pamwamba. Anzathu a kumwera amaticha cakudya cimeneci caril de amendoim, ndipo amaciphika pa maukwati. Nkhuku imodzi yotendera imakwanira anthu ambiri kuposa yokazinga, pakuti aliyense amapeza msuzi. Nsomba zouma za ku Chicoa ndi kapenta wa ku Cahora Bassa timatendera comwecho. Nsomba za ku Chicoa muyambe mwaziviika, mcere wake ndi wambiri.

M'malo mwa mabisiketi, phikani cigumu. Kanyani nthoci 4 zakupsa kwambiri, zimene zayamba kuda makoko. Sakanizani ndi makapu 2 a mgaiwa, kamcere, theka la kasupuni ka soda, ndi madzi pang'ono. Dzira ndi shuga ngati zilipo. Pakani mafuta mumphika, thiranimo, vindikirani ndi cilata. Makala ocepa pansi, ambiri pamwamba. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Amakoleza moto pansi, cigumu cimapserera kunsi m'kati muli muwisi. Lasani ndi kamtengo. Kakatuluka kouma, capsa.

Thobwa lifuna kukonzekera sabata yathunthu, cifukwa ca cimera. Viikani mawere kapena cimanga tsiku limodzi. Tsanulani madzi, fundikani ndi masamba a nthoci pamthunzi, ndipo muziwaza madzi m'mawa. Pakapita masiku 3 kapena 4 zimamera. Yanikani padzuwa, zikauma sinjani. Tsiku lophika, phikani phala la mgaiwa mumphika waukulu. Liphuleni, lizizire mpaka cala cikhoza kukhalamo osapsa. Pamenepo thirani cimera ndi kutakasa. Mudzaona phala lolimba lija likusungunuka lokha ndi kuyamba kutsekemera. Mukathira phala likadali lotentha kwambiri, cimera cimafa, ndipo thobwa silitsekemera. Ligone usiku. M'mawa muliwiritsenso, lizizire. La tsiku loyamba ndi laciwiri ndi la ana ndi akulu omwe. Likapitirira pamenepo limasasa, layamba ulendo wopita ku mowa.

Madyerero satha ndi Junho. Miyezi yacisanu ndi ya cilimwe ndiyo ya maukwati, zinamwali ndi ziliza, ndipo Gule amatuluka. Anyamata amapita kukakumba mbewa m'minda yokolola. Kumapeto kwa Agosto mafumu a Acewa a ku Moçambique, ku Malawi ndi ku Zambia amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu ndi mphatso kwa Kalonga Gawa Undi. Kwa ife a ku Chifunde si kutali, ndi kungodumpha malire. Kamba wa pa ulendowo ndi wodziwika: nsawa zokazinga ndi mcere, cigumu, ndi thobwa m'cigubu.

Koma nchito imodzi ya m'masika siiyenera kudikira madyerero. Nchitoyo ndi kufutsa. Masamba akadali obiriwira, amayi amathyola khwanya, citambe ndi mnkhwani. Amawawiritsa pang'ono cabe, kungoti afote, ndi kuwayanika pa mphasa. Kuyanika pamthunzi pamene pakupita mphepo kumacedwa, koma mfutso wake umakhala wobiriwira ndi wamphamvu kuposa wa padzuwa. Ukauma amaukulunga m'masamba a msuku, ndi kumanga ndi luzi. Cimeneco ndi cikwatu. Amacipacika kudenga la khichini, pamene utsi umathamangitsa tizilombo. Atsikana ena a masiku ano amaika mfutso m'mapepala a pulasitiki. Ukakhala kuti sudaumitsitse, umacita cuku m'menemo. Mbatata nayo amaikumbira nkhuti, dzenje lowaza phulusa, kuti ifike nthawi yotentha.

Pa 16 Outubro maiko amakumbukira tsiku la cakudya, limene lidakhazikitsidwa ndi bungwe la FAO. Kuno tsikuli limapeza dziko litauma gwa. Mitsinje yaing'ono yaphwa, ndipo amene alibe dimba alibe ndiwo zamasamba. Ndi pamene cikwatu cimatsika kudenga. Tapani mfutso manja awiri, pakuti umafufuma. Uviikeni pang'ono m'madzi ofunda kuti mcenga utsike pansi. Uwiritseni ndi mcere mpaka ufewe, umatenga nthawi kuposa masamba aawisi. Ikani matimati ngati mwawapeza, ngakhale ouma. Kenaka pitani ku malata aja mudaika padera mu Maio, muswe kapu imodzi, musinje. Mfutso wopanda nsinjiro ana amaukankhira kumbali. Wotendera amapukuta mbale ndi mbamu yotsiriza. Muphike pamoto wocepa ndipo musacoke pafupi, pakuti nsinjiro za mumfutso sizicedwa kupserera.